Bokosi la Buluu

Ndisanapereke moni kwa munthu aliyense
ndimayamba ndalonjera firiji.
Wadzuka bwanji, mnzanga wong'ung'udza?
Iye sayankha ndi pakamwa,
amangondionetsa nambala pakagalasi:
madigiri asanu. Ndimalemba papepala la pachitseko,
mzere umodzi m'mawa, wina madzulo,
chaka chino ndi cha khumi ndi chitatu.

Kuyambira awiri kulekeza asanu ndi atatu,
ndiko kwawo kwa katemera,
kanjira kopapatiza ngati ka m'munda wa tiyi,
kuphonya phazi pang'ono, wanyowa.

Lachinayi lija chiperoni chinatsika
chitameza Sapitwa ndi ana ake onse.
Ine ndinali nditagona kumaliro ku Chisitu,
bokosi analongedza Fedisoni,
mwana wa dzana pantchito, wa manja achangu.
Tinalimanga ndi malegeni pakaliyala,
n'kupalasa pakati pa othyola tiyi
ovala mapulasitiki, madengu kumsana,
mpaka patchalitchi chopanda zitseko
kutsidya kwa Lichenya.

Amayi makumi atatu anali atakhala kale,
makadi a sikelo atakulungidwa m'majumbo a shuga.

Nditavundukula, m'mimba munandizizira.
Timabotolo tinali titatsamira ayezi,
ayezi wouma gwa, wopanda n'thukuta lomwe.
Ndinatola kamodzi, ndinakakhutchumula,
n'kukaimika pabenchi poyera.
Wamoyo amakhala ngati nkhungu, sathamangira kudikha.
Uyu anagwa pansi tizibuma tizibuma
ngati mkaka wogona,
pamwamba n'kutsala madzi mbee.

Koma mayi Namaona, si paja mumati azizizira?
anatero Fedisoni, mawu akunjenjemera.
Ndinati, mwanawe, dzuwa limapha,
chisanunso chili ndi manda ake.
Ayezi umamudikira ayambe walira,
umugwedeze pakhutu,
umve madzi akuyankhula mkati,
ndiye umuike pafupi ndi mankhwala.

Katemera wakufa sanunkha.
Chizindikiro chake chimakhala chomwecho, chivindikiro chomwecho.
Ndikadabaya, ndani akadadziwa?
Mwana akadalira monga alirira onse,
mayi akadamupukuta ndi nsonga ya chitenje
n'kupita kwawo ndi siginecha yanga m'kadi,
chishango cha pepala.

Ndinaimirira. Ndinawauza.

Mmodzi, wa duku lofiira, sanadikire ndimalize:
Ndasiya ganyu ya tsiku lonse,
ndawoloka madzi olekeza m'chiuno,
inu mukuti ndidzabwere Lachinayi linalo?
Ndinalibe mawu anzeru omupatsa.
Ndinangoti pepani, kawiri,
kachiwiriko atatembenuka kale.
Tinapachika sikelo pamtanda wa denga,
tinayeza ana, tinamanga katundu.

Pobwerera palibe anakwera njinga.
Fedisoni ankaikankha m'matope, maso pansi,
bokosi likugogoda kumbuyo, gu, gu, gu.
Kuchipatala ndinawerenga timabotolo kamodzikamodzi,
ndinatiika patokha, ndinalemba m'kaundula:
zaonongeka ndi kuzizira.
Pamzere wa dzina ndinaika langa.
Amene sunamuphunzitse sumulembera mlandu.

Lachinayi linalo ndinafika kusanache
n'kupeza nyali ikuyaka kale.
Fedisoni ali chilili pakati pa chipinda,
ayezi wayalidwa patebulo, akudontha,
mmodzi wamugwirizira kukhutu
ngati foni yochokera kutali.
Sanandione. Ankamvetsera.

Tsiku limenelo anabwera makumi awiri ndi asanu ndi anayi.
Ana analira kulira kwenikweni,
ine ndikumwetulira ngati wamisala.
Wa duku lofiira sanaoneke.

Ndafunsa, akuti amakhala kuseri kwa mjigo wakufa,
nyumba ya chitseko cha malata,
mwana wake dzina lake Siyeni, wa masabata khumi.
Mawa ndi Loweruka, si tsiku la ntchito.
Ndauza Fedisoni apope matayala,
ndayang'ana firiji kachitatu lero:
madigiri anayi.
Mvula ikapanda kudzaza Lichenya usiku uno
tikamugogodera.